ZA ANAMWINO NDI MIYENDO YA OKALAMBA M'CIPATALA

Phunziro la mwezi uno, abale, likhudza nyumba iri yonse m'mene muli nkhalamba. Ndipo popeza tonse tiyembekeza kukalamba, likhudza ife tonse. Muliwerenge mofatsa, ndipo muwawerengerenso anzanu amene maso ao sakhozanso kuona zolembedwa.

Tiyambe ndi fanizo la cinthu cimene ambiri a inu munaciona. Mai wina wokalamba, amene asesa yekha pabwalo pace, natunga madzi m'kandowa, namka ku dimba atagwira ndodo, agwidwa ndi cibayo. Ana ace amka naye ku cipatala, ndipo iye ayenda ndi miyendo yace kucokera pa cipata kufikira pakama. Alandira mankhwala, thupi lileka kutentha, cifuwa cikhala bwino. Ndipo atapita masabata 2 dotolo anena kuti nthenda yatha, abwerere kwao. Koma pofuna kuimirira, maondo anjenjemera, mutu ucita cizungulire, ndipo mai uja aturuka m'cipatala atanyamulidwa. Kumudzi akhala pamphasa, osaonanso dimba lace. Ena ati ndi ukalamba, ena ati nthenda inamlowa m'mafupa, ndipo ena ayamba kulozana zala. Komatu kawirikawiri cimene cinamtha miyendo ndiko kugona komweko, masiku 14 osaponda pansi.

Cifukwa cace namwino wodziwa nchito yace asamala zinthu ziwiri pa nkhalamba: aithandiza kuti icire nthenda imene inadza nayo, ndipo asunga mphamvu imene inadza nayo, kuti ibwerere kwao irikuyenda. Nchito yaciwiriyi ndiyo tiphunzire lero.

I. CIMENE KUGONA KUCITA M'THUPI

Wodwala ayenera kupumula, ici sitikana ai. Koma kupumula kunga mankhwala ena onse: pa muyeso wace kuciritsa, kopitirira muyeso kupweteka. Khasu losiyidwa pakhonde dzinja lonse licita dzimbiri, ndipo njira yosapitamo anthu imera udzu. Momwemonso minofu yosagwira nchito iyamba kutha, ndipo iyamba msanga, m'masiku oyamba omwe.

Madotolo anayesa cinthu ici nacipeza coona. M'caka ca 1966, ku Dallas m'dziko la America, anyamata 5 olimba, a zaka 20, anabvomera kugona pakama masabata 3 osadzuka. Podzuka, mphamvu ya mtima ndi mapapu ao pa nchito yolemetsa inali itatsika koposa gawo limodzi mwa magawo 4. Zitapita zaka 30, m'caka ca 1996, madotolo anaitananso amuna omwewo nawayesa. Ndipo anapeza kuti zaka 30 za kukula sizinawafooketse monga anawafooketsera masabata 3 aja.

Ngati zitero ndi mnyamata, nanga nkhalamba? M'caka ca 2007 kunalengezedwa za kuyesa kwina ku America komweko. Acikulire osadwala, a zaka pafupifupi 67, anagona masiku 10 okha, alikudya cakudya cokwanira. Koma anataya mnofu wa m'miyendo wolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo mphamvu ya maondo ao inatsika koposa gawo limodzi mwa magawo 10. Mnyamata ali ngati mwini nkhokwe yodzala: mukatapamo dengu limodzi, sagona ndi njala. Nkhalamba iri ngati mwini nkhokwe imene cimanga cace cangokwanira kufikira masika. Mphamvu imene iri nayo ingokwanira kudzuka pampando ndi kufika ku cimbudzi. Mukacotsapo pang'ono, sidzukanso.

Si minofu yokha imene ibvutika. Mitsempha ya mwazi iiwala nchito yace yokweza mwazi kumutu pamene munthu aimirira, ndipo apo ndipo pacokera cizungulire ndi kukomoka. Mwazi woyenda pang'onopang'ono m'miyendo ukhoza kuundana, ndipo coundanaco cikathothoka ndi kukatseka m'mapapu, munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Wogona cagada sapuma mozama, makhololo aunjikana pansi pa mapapu, ndipo cibayo cipeza khomo. Khungu lopanikizika pakati pa pfupa ndi kama lisowa mwazi, nilibuka cilonda pamatako, m'ciuno kapena pacidendene. Maondo opindika masiku ambiri auma osatambasukanso. M'mimba mudzimbidwa, mkodzo suturuka bwino, mafupa afooka, njala itha, ndipo mutu womwe usokonezeka.

Tsono kodi okalamba agona kotani m'cipatala? M'caka ca 2009 ku Alabama, dotolo wamkazi Cynthia Brown ndi anzace anamanga tizipangizo toyesera pa miyendo ya amuna okalamba amene anali okhoza kuyenda asanagonekedwe. Anapeza kuti anagona pakama pafupifupi maora 20 pa tsiku, ndipo kuimirira ndi kuyenda kwao konse sikunakwane ora limodzi. Kuwerenga kwina kwa caka ca 2003, pa odwala oposa 2,000 a zaka 70 ndi kupitirira, kunaonetsa kuti 35 mwa 100 ali onse anaturuka osakhoza kudzicitira zina zimene anadzicitira okha masabata 2 asanalowe. Gawo lina la kufooka kumeneku licokera ku nthenda. Koma gawo lina licokera ku kama, ndipo ilo likhoza kupewedwa.

II. M'MENE NZERU IYI INAYAMBIRA

Kale madotolo okha anakhulupira kuti kama ndiye mankhwala a nthenda zonse. Munthu wogwidwa ndi nthenda ya mtima anamgoneka kufikira masabata 6, osamlola ngakhale kudzidyetsa. Nkhalamba yofooka anaigoneka osayembekeza kuti idzadzukanso.

M'caka ca 1935, pa cipatala ca West Middlesex pafupi ndi London, dotolo wamkazi Marjory Warren anapatsidwa kuyang'anira nyumba ya osauka m'mene munali odwala 714, ambiri a iwo okalamba, ocedwa osaciritsika. Iye anayamba kuwayesa mmodzi mmodzi, napeza kuti ambiri anali ndi nthenda zotheka kuthandizidwa, ndi kuti ena anapuwala cifukwa ca kugonekedwa zaka zambiri. Pamodzi ndi anamwino ace anawadzutsa, nawakhazika pamipando, nawaphunzitsanso kuyenda; anakonza nyumba kuti muwale bwino ndi kuti munthu wofooka ayendemo mosabvuta. Ambiri mwa iwo amene anthu anawayesa otha nchito anabwerera kwao. Cifukwa ca nchito iyi Marjory Warren akumbukika monga mmodzi wa oyambitsa udotolo wa okalamba.

M'caka ca 1947 dotolo wina wa ku London, Richard Asher, analemba nkhani yocenjeza madotolo anzace za zoopsa za kugoneka odwala, nachula ciwalo ciri conse ca thupi ndi cimene kama aciononga naco. M'caka ca 1952, ku Boston, Samuel Levine ndi Bernard Lown anaonetsa kuti odwala mtima okhazikidwa pampando masiku oyambirira anacita bwino, osaonongeka monga ena anaopera.

Anamwino naonso anali ndi gawo lao. Kale lomwe, m'caka ca 1859, Florence Nightingale anaphunzitsa kuti cilonda ca pakama kawirikawiri cionetsa kuperewera kwa cisamaliro. Ndipo m'caka ca 1962 namwino Doreen Norton wa ku London, atapenyetsetsa okalamba ambiri m'cipatala, anaonetsa kuti kutembenuza wodwala kawirikawiri kuletsa zilonda zimenezi. Anakonzanso muyeso wodziwira amene ali pafupi kucita zilonda, poyang'ana zinthu 5: thanzi la thupi lonse, nzeru, kuyenda, kutembenuka pakama, ndi kusunga mkodzo ndi cimbudzi. Muyeso umenewu uchedwa ndi dzina lace kufikira lero.

III. NCHITO ZA NAMWINO

Dotolo aona wodwala mphindi zowerengeka pa tsiku. A mafizo, amene nchito yao ndi kulimbitsa ziwalo, adza nthawi zina, ndipo m'zipatala zambiri ali owerengeka. Koma anamwino ali m'cipinda ca odwala usana ndi usiku, alikulandizana. Potero ngati nkhalamba idzuka kapena igona tsiku lonse, kawirikawiri nkhani ithera m'manja mwao. Nchito zao zazikuru pa cinthu ici ndi izi.

1. Kufunsa za masiku asanadwale. Namwino wanzeru safunsa za kutentha kwa thupi kokha. Afunsanso kuti, Kodi agogo anali kuyenda okha? Anali kugwira ndodo? Anali kusamba okha? M'caka ca 1963 dotolo Sidney Katz wa ku Cleveland anandandalika nchito 6 zimene munthu adzicitira tsiku ndi tsiku: kusamba, kubvala, kumka ku cimbudzi, kudzuka pakama ndi kukhala pampando, kusunga mkodzo ndi cimbudzi, ndi kudya. Namwino alemba zimene wodwala anakhoza kale ndi zimene akhoza lero, nabwereza kuyang'ana masiku onse. Ikatayika imodzi, adziwa msanga, nauza dotolo. Pakuti nkhalamba imene dzulo inayenda ndipo lero ilephera, kapena nthenda yina yayamba mobisika.

2. Kudzutsa mwa dongosolo. Wodwala wogona masiku ambiri samuimiritsa kamodzi n'kamodzi. Poyamba namwino akweza mutu ndi msana. Pambuyo pace amkhazika m'mphepete mwa kama, miyendo irikulendewera, nadikira mphindi zingapo, namfunsa ngati amva cizungulire. Cikapanda kubwera, amuimiritsa, iye ataima ku mbali yofooka, atamgwira m'ciuno, osamkoka mikono. Tsiku loyamba kapena afika pampando pokha, mawa pakhomo, mkuja pakhonde. Kuyenda pang'ono katatu pa tsiku kuposa ulendo umodzi wautali wotopetsa. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

3. Kumlola adzicitire yekha. Iyi ndiyo nchito yobvuta koposa, pakuti ifuna kuleza mtima. Kusambitsa nkhalamba kutha msanga. Kuidikira isambe yokha kumaso ndi m'manja kucedwetsa. Koma kukweza cikho, kumanga nsalu, kupesa tsitsi ndi kutema mbamu ya nsima ndiko kulimbitsa mikono ndi zala. Cifukwa cace namwino athandiza pokhapo pamene wodwala alephera, nasiya zotsala m'manja mwace. Amlimbikitsa kumka ku cimbudzi ndi miyendo yace m'malo mwa kumpatsa cotengera pakama, ndi kubvala zobvala zace usana. Pakuti munthu wokhala m'zogonera tsiku lonse ayamba kudziyesa wosakhoza kanthu, ndipo omuona amyesa comweco.

4. Kuyang'anira kudya ndi kumwa. Minofu imangidwa ndi cakudya, makamaka nyemba, nsinjiro, mazira, nsomba, mkaka ndi nyama. Nkhalamba yodwala sikhumba kudya, ndipo ludzu silimveka msanga mwa okalamba monga mwa ana. Namwino ayang'ana m'mbale kuti aone cimene cadyedwa, ayang'ana m'kamwa ngati muli zilonda kapena mano opweteka, nakumbutsa za madzi. Amkhazika tsonga pakudya, ngati nkotheka pampando. Pakuti wodya cogona atsamwa, ndipo phala likalowa m'njira ya mpweya libala cibayo. Akaona kuti wodwala atsokomola pomeza, auza dotolo.

5. Kusamala amene sakhoza kudzuka. Alipo ena odwala kwambiri amene sayenera kuimirira. Amenewa namwino awatembenuza, mwa cizolowezi pakupita maora 2 ali onse, kumanja, cagada, kumanzere. Ayang'ana khungu ngati lafiira kapena lada ndi kutentha pamalo pa pfupa. Aika mtsamiro pakati pa maondo ndi pansi pa akatumba kuti zidendene zisakhudze kama. Nasunga zofunda zouma ndi zosakwinyika. Apinda ndi kutambasula maondo, zigongono, mapewa ndi akakolo mofatsa tsiku ndi tsiku, kuti mfundo zisaume. Aphunzitsa wodwala kupuma mozama, kutsokomola, ndi kugwedeza mapazi ali cigonere, kuti mwazi uyende.

6. Kusunga nzeru. Nkhalamba zambiri zikagonekedwa zisokonezeka mwadzidzidzi: zibwebweta, siziwazindikira ana ao, zifuna kuthawa usiku, kapena zingokhala duu ndi kuodzera. Anthu ena ayesa misala kapena zamatsenga. Koma ndi cizindikiro ca nthenda m'thupi, monga kutentha, kusowa madzi, kudzimbidwa, ululu kapena mankhwala ena, ndipo kawirikawiri citha pamene coyambitsa cacotsedwa. Wosokonezeka sadya bwino, sayenda, ndipo agwa msanga. Potero namwino auza wodwala tsiku ndi malo amene ali, aona kuti mandala ace ali pamaso, atsegula mazenera usana kuti kuwala kulowe, nacepetsa phokoso usiku kuti agone tulo popanda mankhwala ogonetsa.

7. Kumasula zomangira. Kapaipi ka mkodzo ndi botolo la madzi olowa m'mtsempha zithandiza pa nthawi yace. Koma zimanga munthu pakama monga mbuzi pa cikhomo, ndipo kapaipi kokhalitsa kalowetsa nthenda m'cikhodzodzo. Namwino wabwino afunsa dotolo masiku onse ngati zifunikabe, kuti zicotsedwe msanga. Anenanso akaona kuti mankhwala ena aledzeretsa wodwala, ndipo apereka mankhwala oletsa ululu nthawi yoyenda isanakwane, pakuti womva kupweteka sabvomera kudzuka.

8. Kucinjiriza kugwa mwanzeru. Kugwa nkoopsa ndithu, pakuti pfupa la m'ciuno la nkhalamba lithyoka msanga. Cifukwa ca mantha amenewa ena aletsa wodwala kutsika pakama konse. Koma mwendo wofooka ndi kugona ndiwo udzagwetsa mwini wace tsiku limene adzaimirira. Njira yabwino ndiyo kupukuta pansi ponyowa, kucotsa katundu m'njira, kuika ndodo pafupi, kubveka nsapato zogwira phazi zosaterera, kuyatsa nyali usiku, ndi kuyenda naye pamodzi.

9. Kukonzera za kumudzi. Namwino afunsa za nyumba imene wodwala abwererako. M'midzi yathu ambiri agona pamphasa, ndipo cimbudzi ciri kunja, cofuna kunjuta. Kudzuka pansi ndi kunjuta kufuna mphamvu ya m'nchafu yoposa ya kudzuka pampando. Cifukwa cace asanaturuke, abale auzidwe za kukonza kampando koboola pakati ka ku cimbudzi, mtengo wogwirira, ndi pogona pokwera pang'ono.

IV. KODI ZIMENEZI ZIPINDULA?

Wina adzati, Izi ndi zinthu zazing'ono. Mankhwala ndiwo aciritsa. Tamverani tsono zimene zinaoneka poyesa.

M'caka ca 1995 kunalengezedwa za cipatala cina ca ku Cleveland, kumene odwala 651 a zaka 70 ndi kupitirira anagawidwa pawiri. Ena anagona m'zipinda za masiku onse. Ena m'cipinda cokonzedwera okalamba, m'mene anamwino anatsata malangizo a tsiku ndi tsiku a kuyenda, kudzisamala, kudya, khungu ndi tulo. Mwa a m'cipinda cokonzedwaco, 34 mwa 100 ali onse anaturuka alikudzicitira zambiri koposa polowa. Mwa enawo, 24 okha. Ndipo ocepa a iwo anatumizidwa ku nyumba zosungira okalamba.

M'caka ca 1999, pa cipatala ca Yale, dotolo wamkazi Sharon Inouye anayesa njira zonga zimene tachula pa kusunga nzeru: kuyendetsa odwala katatu pa tsiku, kuwamwetsa madzi, kuwapatsa mandala ndi zothandiza kumva, kuceza nao, ndi kuwagoneka ndi cakumwa cofunda ndi kusisita msana. Osokonezeka mutu anacepa, kucoka pa 15 kufika pa 10 mwa 100 ali onse.

Ngakhale okalamba kwambiri apindula. Ku Pamplona m'dziko la Spain, monga kunalengezedwa m'caka ca 2019, odwala 370 a zaka pafupifupi 87 anagawidwa pawiri. Ndipo amene analimbitsa thupi kawiri pa tsiku, masiku owerengeka okha, anaturuka olimba koposa anzao. Ku Britain namwino wamwamuna Brian Dolan anayamba m'caka ca 2016 kudandaulira anamwino anzace kuti odwala adzuke, abvale, ayende. Ndipo m'caka ca 2018 zipatala zambiri za m'dzikomo zinacita ici pamodzi masiku 70, zirikuwerenga odwala obvala ndi oyenda tsiku liri lonse.

Zindikirani kuti mwa zonsezi mulibe mankhwala a mtengo wapatali. Zifuna maso, manja, nthawi ndi kupirira.

V. CENJEZO

Koma pasakhale wina wowerenga mau awa namka kukadzutsa wodwala ali yense mwa nzeru zace. Pali nthawi yogona ndithu: pamene pfupa lathyoka ndipo lisanamangidwe, pamene msana wapweteka, pamene munthu ataya mwazi kapena abanika. Pa nthenda ya sitiroko, imene ipha ziwalo za mbali imodzi, kuyesa kwakukuru kwa caka ca 2015 pa odwala oposa 2,000 kunaonetsa kuti kuwadzutsa kwambiri ndi kawirikawiri m'tsiku loyamba lomwe sikunawacitira bwino. Kudzuka kuli ndi nthawi yace ndi muyeso wace, ndipo odziwa muyesowo ndiwo dotolo ndi namwino. Ndiponso poyenda, wodwala akamva kupweteka pamtima, akabanika, akacita cizungulire kapena thukuta lozizira, mumkhazike pansi ndi kuitana namwino. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, musausisite. Kauzeni namwino msanga.

VI. GAWO LA INU ODIKIRIRA ODWALA

M'zipatala za kuno kwathu, za boma ndi za misyoni zomwe, anamwino ali owerengeka ndipo odwala ndi ambiri. Namwino mmodzi sakhoza kuyendetsa nkhalamba iri yonse katatu pa tsiku, alikuperekanso mankhwala ndi kutsuka zilonda. Amene asambitsa, kudyetsa ndi kugona pambali pa kama ndinu abale odikirira. Mutu umodzi susenza denga. Namwino ali ndi cidziwitso, inu muli ndi nthawi ndi manja, ndipo wodwala akudziwani.

Pano pali msampha umene ugwira anthu abwino. Mwambo wathu utiphunzitsa kulemekeza akulu, ndipo mwana aona manyazi kuti amace adzitengere okha madzi iye alipo. Potero anena, Gonani amai, musabvutike, ndicita ndine. Awamwetsa, awabveka, awanyamula. Ndipo anthu a pa makama oyandikana amtama kuti ndi mwana wacifundo. Cifundo cimeneco ncoona. Koma cikapitirira, cilanda amai ace miyendo ndi manja. Ulemu woposa ndiwo kunena, Amai, gwirani dzanja langa, tifike pakhomo paja. Ndi kudikira mosatopa pamene iwo alimbana ndi mfundo ya nsalu yao.

Cifukwa cace mukamka kukadikira nkhalamba, kumbukirani izi. Tengani ndodo yace, mandala ace, nsapato zace ndi zobvala za usana. Tsiku loyamba lomwe muuze namwino zonse zimene inali kudzicitira kumudzi. Mufunse kuti, Kodi aloledwa kukhala pampando? Aloledwa kuyenda, ndipo kufikira pati? Mupemphe akuonetseni kagwiridwe kace, kuti musapweteke wodwala kapena msana wanu. M'mawa muli monse yang'anani khungu la pamatako ndi pazidendene. Mukaona kuti ayamba kubwebweta, kapena alephera cimene anakhoza dzulo, nenani tsiku lomwelo. Ndipo namwino akadza kudzadzutsa agogo anu iwo alikudandaula, musamuyese wankhanza. Alikuwasungira ulendo wa ku dimba.

Pobwerera kumudzi nchito siinathe. Mnofu wotayika m'masiku 10 ufuna masabata ambiri kuti ubwerere, ndipo ukacedwa kufunidwa, kapena subwereranso. Nkhalamba ipitirize kudzuka ndi kukhala pampando kangapo motsatizana, m'mawa ndi madzulo, wina ataima pambali. Iyende pabwalo, ionjeze mtunda pang'ono sabata iri yonse. Ndipo muibwezere tinchito tace, monga kusankha nyemba, kutong'ola cimanga ndi kuyang'anira adzukulu. Munthu amene adziwa kuti afunika pamudzi ali ndi cifukwa ca kudzukira.

MAFUNSO A KUKAMBIRANA

1. Chulani zoipa 5 zimene kugona masiku ambiri kucita m'thupi la munthu.

2. Cifukwa ninji nkhalamba ifooka msanga pakama koposa mnyamata?

3. Marjory Warren anapeza ciani mwa odwala 714 aja, ndipo anacita nao ciani?

4. Chulani nchito 6 za tsiku ndi tsiku zimene namwino ayang'ana.

5. Fotokozani dongosolo la kudzutsa munthu amene wagona masiku ambiri. Ndi zizindikiro ziti zimene zikuuzani kuti muleke ndi kuitana namwino?

6. Kodi m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene inabwera ku cipatala yosayenda? Mukhoza kuithandiza bwanji sabata ino, ndipo mudzayamba mwafunsa yani?